Mafuta a Mfuti ya Bambo

Lolemba, 12 Ogasiti 1974

Ukwati wa Tlaitmas, mwana wanga, Lachinayi. Diresi latha, ufa wa kusikusi, chakudya cha paphwando, ulipo. Vuto ndi mfuti ya bambo. Mwana wamkazi aliyense wa nyumba ino amakwera bulu wa umkwatibwi mfutiyo ikulira. Lero mlongo wanga Aissa waiyesa kuseri kwa khola. Chipolopolo choyamba phuu! Kukoka mpini kuti chachiwiri chikwere, zii.

Bambo saona, koma makutu ngakuthwa. "Bwanji yalira kamodzi?" Ndati tikusunga zipolopolo.

Lachiwiri, 13

Aissa akuti zipolopolo zogula ku tauni ya Nador nzabodza. Iyeyo, woti ndi msomali womwe sautha! Ndaziyerekeza ndi zakale, nzofanana ndendende. Akuti, "Mlongo, iwe zako ndi singano." Ee, singano. Makina osokera a m'mudzi muno amakonza ndani? Chitsulo ndi chitsulo basi.

Ndayala nsalu, ndaimasula mfutiyo. Mpini uli bwinobwino. Kachitsulo konyamula chipolopolo nako sikanapindike. Mawa paipi ya pansi, mogona zipolopolo. Singandikanike.

Lachitatu, 14

Ndapeza! Sipuling'i ya m'paipi yamatirira phala lakuda, lonanda ngati ulimbo. Nchifukwa chake siikankha. Ndanunkhiza: mafuta a azitona. Athu omwe, a mtengo wa pachitsime.

Ndinaseka, kenako mtima unandiwawa. Lachisanu lililonse akachoka ku mzikiti, bambo amakhala pamphasa ndi kambale ka mafuta, kuidzoza mfutiyo ngati khanda, mpaka kudontheza m'kati. Akuti mafuta oyamba kufinya ali ndi madalitso. Chichokereni maso, ntchito yawatsalira ndi yomweyo.

Ndatsuka ndi palafini, ndapaka mafuta a makina osokera. Zipolopolo zikukwera ngati mikanda pa ulusi. Aissa ndamuopseza: ukawauza bambo, malaya ako udzasoka wekha mpaka kufa.

Lachisanu, 16

Dzulo pa ukwati mfuti inalira, inalira mpaka abulu a kwa apongozi kudula zingwe! Tlaitmas misozi mbwee. Bambo chilili pakhomo, kuuza aliyense wodutsa: "Mwaimva? Ndi dzanja langa limenelo."

Lero bambo achoka ku mzikiti, andiitana. "Tamimunt, mfuti ndi kambale." M'kambalemo ndinathira mafuta a makina. Ndimati sadziwa, mafuta ndi mafuta.

Aviika chala. Anunkhiza. 

"Ya Lolemba ija simunkasunga zipolopolo, eti?"



Aisisita mfutiyo ndi dzanja louma, kenako andipatsa ndi manja awiri. "Uziisamala ndiwe, mwananga. Sindiidziwanso."

Mpaka pano ali pamphasa, manja pa mawondo. Tiyi wazizira. Botolo la mafuta a azitona ndalibweretsa, lili apa pambali panga. Palafini alipo wambiri, ndikhoza kumaitsuka Loweruka lililonse iwo osadziwa. Koma ndikawapatsa kambaleko, alandira?