Alamu Anu Ayendanso

Champiti, Ntcheu

Okondedwa achimwene a Raymond,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko. Kuno tikukumba kachewere, ndipo dzulo alamu anu a Bizwell anafika okha kudimba, opanda ndodo.

Paja mtsempha wa magazi wa m'mwendo mwawo unatsekeka mpaka zala za kuphazi zinayamba kuda. Kuchipatala chachikulu ku Blantyre anati pafunika opaleshoni. Atauzidwa kuti asadye kanthu, iwo anaganiza zosiyanso atenololo, mapiritsi ochepetsa kuthamanga kwa mtima amene akhala akumwa kwa zaka zambiri. Mwana wanu Thandi, amene tsopano ndi namwino pomwepo, anawapeza atawabisa m'thumba la jekete.

"Ankolo, amenewa sasiyidwa mwadzidzidzi," anatero. "Mtima ungadzavute opaleshoni ili m'kati. Adokotala anena kuti mumwe m'mawa ndi timadzi pang'ono."

Munthu amene samva zanga uja anamwa osatsutsa. Opaleshoni inayenda bwino, mtima sunavute. Achimwene, mukanamuona Thandi mu yunifolomu yake, akukambirana ndi madokotala mosaopa, mwana yemwe munandisiyira akukwawa uja. Ine ndinkangouza aliyense mu wodimo kuti ameneyu ndi wathu, ndinamulera ndine.

Tsiku lotuluka adokotala anandiitanira pambali kundiuza za mtima womwewo, koma zimenezo si za m'kalata. A Bizwell akukufunsani pafupipafupi masiku ano. Ngati abwana anu angakuloleni, bwerani, musadikire Khirisimasi.

Ndine mlongo wanu,
Mervis