Komwe Ndamupeza Germán

Valencia, Lachinayi

Nieves mng'ono wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi a Fermín. Bondo lija likukusautsabe? Nanga alamu ako a Anselmo, akumadya koma? Ine thupi lili bwinobwino, mutu wokhawu ndiye sindikudziwa ngati udakali wanga.

Kalatayi ndapatsira Eusebio wa basi. Sindinaimbe foni chifukwa ndikudziwa kuti alamu ako masana amakhalira kukhitchini kwako, ndipo ogontha aja za pafoni zokha amamva bwino. Uwerenge uli wekha.

Basi inatitsitsa patali, ati misewu yatsekedwa chifukwa cha chikondwerero cha Fallas. Iwe, pa kanema paja amangotionetsa zidole zokongola. Satiuza za fungo la wonga, ndi tiana tophulitsa makombola pamapazi pako amayi awo akuseka. Aliyense amene ndamufunsa njira amandiyankha m'chilankhulo china, mpaka ndinayamba kukayika kuti mwina Eusebio wandiwolotsa malire.

Nyumba imene Germán anatiuza kuti amakhala ndinaipeza. Nditagogoda, chinatsegula chibambo chachitali chopanda malaya, khungu litapsa ndi dzuwa. Ndinatchula dzina la mwana wanga. Icho chinangomwetulira, n'kulowa m'kati, n'kubwera ndi matawulo onyowa kudzandipatsa. Chimayesa ndine wokonza m'nyumba. Ndipo ine, Nieves, ndinalandira. Ndinatsika nawo masitepe onse ndisanadzifunse kuti ndikupita nawo kuti.

Pansipo ndinakumana ndi mayi wina wachikulire, dzina lake Amparo. Ataona matawulowo anaseka, amvekere inunso akupatsani? Anandiuza kuti Germán wophika uja ndi anzake onse anawatulutsa chaka chatha, mwini nyumba akufuna alendo ogona masiku ochepa. Ati ine ndatsala ndekha, akudikira kuti ndife, koma adikira mpaka afe okha. Anandilondolera malo odyera amene Germán amagwirako ntchito, kufupi ndi mchenga wa kunyanja.

Ndili m'njira ndinamizidwa m'chikhamu cha anthu pabwalo lalikulu, kutsogolo osatheka, kumbuyo osatheka. Kenako makombola akuluakulu anayamba kuphulika. Nthaka inagwedezeka, ndinamva m'mano. Mtsikana wina anandikuwira m'khutu kuti yasamulani amayi, makutu angaphulike! Ndiye ndinaima pamenepo kukamwa kuli yasa, chikwama pachifuwa, misozi ili mbwembwembwe, osadziwa komwe mwana wanga amagona. Palibe anadabwa nane. Ambiri amaliranso, koma iwo ati n'chisangalalo.

Nyanja ndinaiona, koma usandifunse kuti ikuoneka bwanji. Maso anga anali pa zikwangwani.

Germán ndinamupeza kuseri kwa khitchini akutakasa mpunga m'chiwaya chachikulu. Waonda. Atandiona chipande chinamugwa, amvekere amayi, atate amwalira? Ndinati atate ako ali moyo, amene watsala pang'ono ndine. Anandikhazika pa bokosi la malalanje, n'kundipatsa mbale ya mpunga kuti ndidikire aweruke.

Ataweruka ananditengera kuseri kwa doko, komwe kwaima magalimoto ambirimbiri okhala ndi makatani. Anaima pa ina yoyera yonyamulira katundu, ati tafika. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna chitseko cha nyumba. Anatsegula cha galimotoyo. M'katimo matiresi, kambaula ka gasi, zovala pachingwe, ndi maluwa m'kachitini. Ndinati maluwawo si ako iwe, sunathirirepo kanthu chibadwire. Pamenepo kutsogolo kunatsika mkazi, mimba ili apo.

Dzina lake Yasmina. Anabadwira konkuno, makolo ake anachokera ku Morocco. Ntchito yake inali yokonza m'nyumba za alendo zomwe zija, mpaka mimba itamuletsa kuwerama. Mwana akuyembekezeka mu Meyi.

Posowa chochita ndinatsegula chikwama n'kupatsa Yasmina nyama ya nkhumba youmika imene alamu ako anadula ndi manja awo. Germán anagwira kumutu, amvekere amayi, ameneyu sadya nkhumba! Yasmina anaseka mpaka kugwira mimba, ati musadandaule amayi, mwana wanuyu adya yonse, ine mundipatse tchizi imene ndikuiona m'chikwamamo. Anandigwira dzanja n'kuliika pamimba pake. Kanandimenya, Nieves. Mdzukulu wanga wandipatsa moni ndi chidendene, pamalo oimika magalimoto.

Ndikugona kwa azakhali ake a Yasmina, pampando, chifukwa nakonso n'kodzaza. Ndikayang'ana pawindo ndimaona nyumba pamwamba pa nyumba mpaka kumwamba. Ndiye ndimaganiza za kwathu, komwe mzere wonse wa nyumba za kutchalitchi uli ndi maloko ndipo m'zipinda mukugona akadzidzi. Kuno anthu alibe nyumba, kwathu nyumba zilibe anthu. Ndayesa kuzimvetsa, zikundikanika.

Dzulo ndinawauza kuti tiyeni kumudzi. Germán anakana ndisanamalize. Ati atate anandiuza pamaso panu kuti popeza ndakana nkhosa zawo, pakhomo pawo ndisadzapondeponso, ndipo ine ndimasunga mawu. Yasmina sanamuyang'ane n'komwe. Anandifunsa ngati madzi alipo, ngati adokotala amabwera, ngati kumazizira kwambiri. Ndinamuuza zoona: adokotala kamodzi pamlungu, sukulu inatsekedwa, kuzizira ndiye kosanena. Iye ati ngakhale zili choncho, mwana wanga sadzayambira moyo m'galimoto.

Anakangana ine ndili pompo. Yasmina anamuuza kuti mutu wako ndi wouma ngati wa nkhosa yamphongo. Ine ndinati mwana wanga, usadabwe, ndi za kumtundu. Germán anati chabwino, pitani nonse awiri, ine nditsala.

Ndiye Lamlungu ndikubwera ndi Yasmina.

Apa ndiye pali pempho langa. Ukatsegule nyumba ya amayi athu ija ikungokhala. Usese, uyatse mbaula kuti chinyezi chichoke, uyanike mabulangete. A Fermín aone ngati mpopi ukutulutsabe madzi. Ukatero upite kwa alamu ako. Iwe amakumvera, chifukwa sunawaopepo. Uwakhazike pansi kaye. Uyambe ndi za mdzukulu, za galimoto zibwere pambuyo. Uwauze kuti akangolankhula mawu amodzi olakwika pamaso pa mtsikanayu, titaya anthu atatu tsiku limodzi, ndipo wachinayi ndidzakhala ine.

Sindikudziwa ngati ndikuchita bwino. Ndikuchotsa mkazi wapakati pafupi ndi mwamuna wake ndi chipatala, kupita naye kuphiri kwa nkhalamba zokhazokha. Nthawi zina ndimaona ngati ndikupulumutsa banja, nthawi zina ngati ndikuliphwasula. Ndinafunsa Yasmina ngati sakuopa kumusiya. Amvekere amene uja? Sadziwa ngakhale komwe kumakhala masokosi ake, mumupatse masiku.

Lero m'mawa Germán anandiperekeza kogula matikiti. Pobwerera, maso ali kumbali, anandifunsa ngati msewu wa pamlatho uja anaukonza, ati kodi galimoto yaikulu ingadutsepo? Ndinati ingadutse. Anangoti ndimangofunsa. Ine sindinawonjezere kanthu, ndinaopa kuti ndingawononge.

Mulungu akusunge, mng'ono wanga, akupatsenso mawu oyenera. Undiperekere moni kwa a Fermín, kwa a Eulalia a pa uvuni, ndi kwa alamu ako ukaona kuti nkhope yawo yabwerera m'malo. Germán akuti moni kwa amayi ake aang'ono, ati musamukalipire kwambiri. Ndamuuza kuti zimenezo sindingalonjeze.

Ndine mkulu wako,
Casilda