Ndivale Chiyani Popita ku Dedza?

Aphungu,

Mutu wanga waima. Kwathu ndi ku Port Herald, koma ndimagwira ntchito m'sitolo ya Mmwenye kuno ku Limbe. Mwezi wa June ndikupita ku Dedza kukaonekera kwa makolo a Dailesi, mtsikana amene ndikufuna kumanga naye banja. Tikwera pamwamba pa lole yonyamuka m'mamawa, ine ndi amalume anga a Yona, amene akandilankhulire.

Ife a kuchigwa tinakulira m'thukuta. Chiperoni cha kuno chokha chimandigwedeza mano, ndiye akuti ku Dedza n'koposa. Choopsa n'chakuti bambo ake a Dailesi anakana kale mnyamata wina wochokera ku migodi chifukwa ankatsokomola. Dailesi anandiuza kuti, "Mukakangotsokomola kamodzi pamaso pawo, basi zathera pomwepo."

Aliyense akundiuza zake. Mnzanga Jailos akuti ndilonge manyuzipepala m'kati mwa malaya. Mayi a nyumba imene ndimakhala akuti ndifunde bulangete, koma munthu wofika pamudzi atafunda bulangete masana saoneka ngati wodwala kodi? Sabata yatha ndinayesa kuvala malaya anga onse, juzi, ndi suti pamwamba, n'kupalasa njinga kupita ku ntchito. Mabatani a jekete anakana kutseka, ndinafika nditanyowa thukuta, ndipo madzulo ake chimfine chinandigwira. Ndiye zovala zambiri zimateteza kapena zimadwalitsa? Amalume akungondiseka. Iwo akuti apita ndi malaya amodzi ndi kabudula monga amayendera kwathu, poti mwamuna saopa mphepo.

Ndili ndi jasi imodzi yausilikali imene anandisiyira mkulu wanga, koma ikabisa suti yanga yonse. Ndithandizeni, Dailesi ndimamukonda kwambiri.

P. T., Limbe

Okondedwa a P. T.,

Chimene chinakudwalitsani ndi thukuta, osati zovala. Munadzikulunga ngati mtolo wa fodya kenaka n'kuyamba kupalasa njinga. Nsalu yonyowa ikakumana ndi mphepo imazizira kuposa khungu lapamtunda. Pa lole simukapalasa kanthu, mukangokhala, choncho kusanjikiza zovala n'koyenera.

Yambani ndi vesiti youma pakhungu, kenaka malaya a manja aatali, kenaka juzi. Zisakuthineni, chifukwa kampweya kotsalira pakati pa zovala ndi kamene kamasunga kutentha. Valani sokosi ziwiri phazi lililonse, chipewa chofika m'makutu, ndi kansalu m'khosi. Khalani kuseri kwa mutu wa lole, mutafulatira mphepo. Dzuwa likakwera muzivula chovala chimodzi-chimodzi musanayambe kutuluka thukuta, ndipo mukamayandikira mapiri a ku Ncheu muvalenso. A Jailos sananame, nyuzipepala pachifuwa imatchinga mphepo, koma muichotse musanafike. Mkamwini wolira tswatswa pokhala pamphasa ana a pamudzi sadzamuiwala.

Suti muipinde, ilowe m'sutikesi. Mukatsika lole mupemphe madzi panyumba ina, musukusule, muvale suti pamwamba pa vesiti ndi malaya. Bulangete fundani panjira mopanda manyazi, a ku Dedza nawonso amafunda.

Koma amene akundidetsa nkhawa ine si inu. Pabwalo la makolo a Dailesi inu mukakhala chete, mutu pansi. Wolankhula ndi amalume anu, nkhalamba ya kuchigwa imene ikufuna kukwera lole ya ku Dedza ndi kabudula. Akafika mawu atatsekeka, chibwano chikugwedezeka, ndani akakupemphereni mkazi? Ndipo iwo akakatsokomola, bambo uja akati matendawo ndi a mtundu wonse.

Musakangane nawo za umuna. Auzeni kuti nkhoswe yovala jasi yausilikali imalemekezeka pamudzi, mudzaona akuivala okha. Akakana ndithu, ulendowo muudikire mpaka September, chifukwa bambo wa mwana wamkazi mumakamupempha kamodzi kokha.

Aphungu