Mpando wa madokotala otopa

Alamu,

Ndikhulupirira muli bwino kunjako, komwe mukuchiritsa anthu mongodzipereka. Kuno ana akusewera.

Bungwe lomwe linakutumizani labweretsa mpando wawofuwofu kuchipatala kuno, ati madokotala otopa azipumirapo. Ngokongola ndithu. Koma mng'ono wanu, bambo a ana angawa, sanakhalepo n'kamodzi komwe, poti odwala anu onse munamusiyira iye. Paja munati miyezi itatu yokha? Chaka chachiwiri chikutha.

Lachitatu manja ake ananjenjemera akuchita opaleshoni mayi wina. Za mayiyo sindilemba. Chichokereni tsikulo sakudya, akungosamba m'manja, kusamba, kusamba.

Chithunzi chanu tinachiona pakalendala ya bungwelo. Mwanenepa, alamu, kumwetulirakonso kukukukhalani.

Musafulumire kubwera. Mpandowo mudzaupeza ukadali m'pulasitiki.

Ine mlamu wanu.