Amayi, Mimba Ija Inalibe Mwana

Amayi, kodi kumeneko mukupezako bwanji? Ndine Felesita, mwana wanu woyamba. Chaka chakwana chikuikireni m'manda, ndipo pali nkhani imene ndakhala ndikuzengereza kukuuzani. Masiku ano sindiloledwa kugwira khasu kapena kusenza ndowa, ndimangokhala pakhonde, ndiye ndati ndingolemba.

Ndiyambe ndi zopepuka. Mng'ono wanga Lusiya anachira m'mwezi wozizira uja, mwana wamkazi. Tinamutcha Jowana, dzina lanu. Ali ndi chipumi chanu, ndipo akakwiya amatseka diso limodzi ngati mmene munkachitira mukamawerenga kalata. Nandolo wabereka bwino kumunda wakumtunda, koma chimanga chinapsa ndi dzuwa chisanakhwime. Manachesi amene munabzala mutangofika kuno pothawa nkhondo ku Mozambique abereka mpaka nthambi kuthyoka. Ambiri aolera pansi, chifukwa ine amene ndinkawatengera kuboda kukagulitsa kwa madalaivala a mathiraki sindinathe kupitako.

Tsopano nkhani ija. Mukukumbuka tsiku limene ndinakuuzani kuti mimba yanga yayamba kukula? Zinali zaka zisanu ndi zinayi ndili pabanja ndi a Gilibati popanda mwana. Inu munali mutagona kale pamphasa, chifuwa chitakufooketsani, koma munadzuka n'kundigwira pamimba ndi manja onse awiri. Munati, "Ndinkakuuza ine, pasiyensiya mwanawe, pasiyensiya." Mawu amenewa a ku Mozambique, otanthauza kudekha mtima, munkawanena pa chilichonse, mvula ikachedwa, mbuzi ikasowa, ngakhale pamaliro a bambo. Patapita milungu itatu munatisiya. Pamaliro panu amayi a kutchalitchi sanandilole kukhala pansi pozizira, anandiyalira chitenje n'kumati ndisalire kwambiri, ndingavutitse mwana.

Amayi, m'mimba muja munalibe mwana.

Ndisakunamizeni, mumtima ndinkakayikira. Kumwezi ndinkapitabe, ndipo mwezi uliwonse magazi ankachulukira. Ndinafunsa azakhali a Rozina, achemwali anu, iwo anati alipo azimayi amene amatero mpaka kubereka, ndisatekeseke. Ndinagwiritsitsa mawu awo chifukwa ndi amene ndinkafuna kumva. Lusiya, amene nayenso anali ndi pakati, ankandikakamiza kuti tipitire limodzi kusikelo. Ine ndinkapeza zifukwa, mawa nsapato, mawa mutu. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa anesi. Ndinkaopa kuti akandiuza chinthu chimodzi chokha n'kundilanda zonse.

Ndipo miyezi imeneyo inali yokoma, musandiseke. Apongozi anga, amene kale ankandidutsa pamsika ngati sakundidziwa, anayamba kunditumizira mbatata ndi mazira. A Gilibati akabwera kogulitsa makala kuboma ankandigulira fanta, n'kukhala pafupi nane kumasankha mayina. Ine ndinaluka tizipewa tiwiri ndi masokosi. Kutchalitchi ndinkayenda pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno, ngati anzanga onse. Lusiya akamati wake akumenya, ine ndinkati wanganso, pomwe ndinkangomva kulemera ndi kupweteka kwa msana.

Mwezi wachisanu ndi chinayi unatha. Lusiya anachira. Wakhumi unatha. Anthu anayamba kunong'onezana pamjigo kuti mimba yanga anaimanga, ena mpaka kutchula maina a anthu osalakwa. Apongozi ananditengera kwa munthu wina wazitsamba kutsidya kwa malire, amene anandimwetsa mankhwala owawa kwa sabata yathunthu. Ndinangosanza, mimba ili chomwecho. Nthawi imeneyo ndinali nditayera m'manja ndi m'maso, ndikangoyenda pang'ono mtima unkagunda ngati ndathamanga.

Tsiku lina m'mawa ndinagwa ndikusesa pabwalo. A Gilibati anandikweza panjinga yawo ya makala, atandimangirira ndi chitenje kumsana kwawo kuti ndisagwe, mpaka kuchipatala kuboma. Kumeneko anandiika magazi, kenako anandijambula m'mimba. Adokotala anali mayi wachitsikana. Anayang'ana pamakina nthawi yayitali, n'kupempha a Gilibati kuti ayambe atuluka. Anandifunsa kuti ndinayamba ndayezetsapo mimbayi. Nditati ayi, anakoka mpando n'kukhala pafupi nane.

"Mayi, mulibe mwana muno," anatero. "Ndi zotupa zimene zamera m'chiberekero. Si ufiti, ndipo si inu nokha, timaziona kawirikawiri. Koma zanuzi zakula kwambiri."

Ndinawapempha kuti ayang'anenso, mwina mwana wabisala kuseri kwa zotupazo. Anayang'anadi kachiwiri, pofuna kungondilemekeza. Kenako ananditembenuzira makinawo kuti ndione ndekha. Ndinangoona mdima ndi timabwalo totuwa.

Ananditumiza ku chipatala chachikulu ku Blantyre, kumene ndinadikira nthawi yanga ya opareshoni. Madokotala a kumeneko anandifotokozera bwinobwino kuti zotupa zikakhala zochepa amatha kuchotsa zokhazo, koma zanga zinali zambiri, ndipo kuti ndikhale ndi moyo ayenera kuchotsa chiberekero chonse. Ndinafunsa kuti ndikanabwera kale zikanatheka kuchipulumutsa. Mmodzi anati mwina, koma sangalumbire. Mawu akuti mwinawo ndimadzuka nawo tsiku lililonse.

Polemba pepala lovomereza, nesi anandifunsa dzina la wachibale woti amudziwitse zinthu zikavuta. Ndinatchula dzina lanu, Amayi, ndi mudzi wathu kwa Nthache. Iye analemba. Atandifunsa nambala ya foni yanu m'pamene ndinakumbuka. Ndinalira mpaka anasiya pepalalo n'kundigwira dzanja.

Azakhali a Rozina ndi amene anandidikirira, ankagona pansi pafupi ndi bedi langa. Sanatchulepo za malangizo awo aja, koma ankandisambitsa ngati khanda, ndipo tsiku lina ndinawaona akupukuta misozi ndi mpango atatembenukira kukhoma. Sindinawaimbe mlandu. Anandiuza zimene nawonso anauzidwa.

Opareshoni inayenda bwino. Bala likupola, magazi anasiya, ndipo ndimatha kufika pamjigo osapumira panjira. Anthu amati ndanenepa. Ndikudziwa kuti ndiyenera kuthokoza, ndipo ndimathokoza. Koma pobwerera pa minibasi, titadutsa Zalewa, ndinazindikira kuti dzanja langa lili pamimba monga ndinazolowera, pomwe palibenso choti ndigwire.

Za a Gilibati ndikuuzeni mosawonjezera. Sananditukwane, sanandinyoze. Milungu yoyamba ankatunga madzi okha, anthu akuwaseka. Kenako kunabwera amalume awo ndi ankhoswe, anakhala pansi pa mtengo wa nachesi n'kulankhula mozungulira kwa nthawi yayitali. Mfundo yake inali yakuti mwana wawo akukula, ndipo munthu sangafe osasiya dzina. A Gilibati anangoweramitsa mutu. Alendo atapita ndinawafunsa maganizo awo. Anati sakudziwa. Ine ndinati, "Ngati mukupita, pitani ndikuona. Musadzandizembe." Anati sapita kulikonse.

Patha milungu isanu tsopano chichokereni, anati akukafuna ganyu ku Zobue, kutsidya kwa malire. Anatenga njinga, bulangeti lawo ndi jekete la kutchalitchi. Munthu wopita kuganyu satenga jekete la kutchalitchi, Amayi. Anaimbapo foni kamodzi kufunsa za bala, ndipo ndinawauza kuti likupola. Kenako foni inaduka. Sindikuwada. Nawonso anasankha mayina aja, nawonso anaferedwa mwana amene sanakhaleko, ndipo palibe amene anabwera kudzatipepesa maliro amenewo.

Tizipewa tija ndinapatsa Lusiya. Poyamba anakana, koma ndinamuuza kuti kukuzizira ndipo ulusi sunalakwe. Amabwera ndi mwanayo masana aliwonse n'kundisiyira pamiyendo, iye n'kupita kudimba. Sindiloledwa kumubereka kumsana, ndiye timangokhala awiri, ine kumuimbira nyimbo zanu za Chinyungwe zimene mawu ena ndinaiwala. Masiku ena zimanditonthoza. Masiku ena ndimamubweza msanga, ndipo Lusiya safunsa chifukwa.

Sabata yatha kunabwera mtsikana wina wa m'mudzi wapafupi, wokwatiwa kumene, akuchita manyazi. Anamva za ine. Anati naye magazi akumuchulukira ndipo pansi pa mchombo pakuuma. Ndinamuuza kuti apite kuboma Lolemba lomwelo, asadikire kufunsa wina aliyense. Anati akuopa zimene akamuuze. Ndinati ndikudziwa, inenso ndinaopa, ndipo ndinamuonetsa bala langa. Anapitadi, koma sanabwerenso kudzandiuza zotsatira.

Chimene chimandivuta kwambiri n'chakuti munapita mukusangalala ndi chinthu chimene sichinali choona. Nthawi zina ndimati ndinakunamizani. Nthawi zina ndimati bola munapita musanadziwe, chifukwa mukanadzitenga kuti ndinu olakwa, pomwe wobisala anesi ndinali ine. Ngati kumeneko mwakhala mukuuza bambo kuti Felesita ali ndi mwana, auzeni zoona tsopano. Muwauze kuti mwana palibe, koma Felesita alipo.

Adokotala anati ikatha miyezi itatu ndingayambe ntchito zopepuka. Watsala mwezi umodzi. Ndikulonjeza kuti khasu loyamba ndidzaligwirira pamanda panu, ndidzalambule udzu mvula isanagwe. Ndidzabwera ndekha, ndipo mudzandilole ndidzakhale pamenepo kanthawi.

Ndimakukondani, Amayi.

Ine mwana wanu,
Felesita