Nsalu ya Amayi Ili Pakhoma ku Atene

Atene, 14 Okutobala

Okondedwa achemwali anga a Garifalia,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu kumudziko, pamodzi ndi alamu a Manolis ndi ana. Nanga amayi, chifuwa chija chawasiya? Mundiuze zoona, osati zija mumandiuza pafoni iwo ali pambali panu. Ine kuno thupi lili bwino koma mtima ayi, n'chifukwa chake ndasankha pepala. Kalatayi muwerenge muli nokha.

Za m'tauni n'zomwe zija. Oyendetsa sitima zapamtunda anyanyala ntchito kawiri sabata ino, ndiye ndikumayenda wapansi. Denga likudontha pomwe ndimaumitsira zojambula, ndipo mwini nyumba akuti ndi fungo la penti wanga likuboola simenti. Tchizi ndi mbatata munatumiza zija zinafika bwino.

Chionetsero chathu chinatsegulidwa Lachisanu. Tilipo ojambula asanu ndi mmodzi, m'nyumba ina yomwe kale inali fakitale. Mnzathu wina waunjika mipando yothyoka mpaka kudenga, wina akuonetsa kanema wa nyanja yokhayokha. Chojambula changa anachipachika pakhoma loyang'anana ndi khomo, moti aliyense wolowa amayamba waona icho. Ndi nkhope ya amayi, yaikulu kuposa chitseko, atamanga mpango wawo wakuda uja.

Nkhani ili pa nsalu yomwe ndinajambulapo. Mukukumbuka pa Pasaka ndinapempha amayi nsalu zakale zowomba okha? Iwo ali mbuu ndi ufa wa buledi, anangoti ndikatsegule bokosi la zovala kuchipinda, nditenge zimene ndikufuna, ndisawasokose. Pansi penipeni ndinapeza yoyera, yaitali, yosapinda m'mphepete, m'kati mwake muli timasamba touma tonunkhira ta vasiliko ndi makandulo atatu. Ine ndinangoti ndi nsalu yomwe anaisiyira panjira. Makandulo ndinabwezera, nsalu ndinanyamula. Mbali imodzi ndinaidula ndi sizasi, ndinaikhomera pa matabwa, n'kuipaka penti miyezi inayi.

Loweruka m'mawa kunalowa mayi ena achikulire ovala zakuda, dzina lawo a Marigo, ochokera kumapiri a ku Epiro. Anabwera kudzaona mipando ya mdzukulu wawo ija, koma anaima pa changa. Nkhope sanaiyang'ane n'komwe. Anapita kumbali, anagwira ulusi wa m'mphepete womwe ndinausiya ukulendewera, n'kuchita chizindikiro cha mtanda katatu. Kenako anandifunsa kuti, “Mwanawe, amako anamwalira liti?” Nditayankha kuti ali moyo, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. “Ndiye udzawakulunga m'chiyani? Nsalu yong'amba ndi manja, yopanda mfundo, yosasoka paliponse, iwe osaidziwa? Kodi m'masukulu anuwo amakuphunzitsani chiyani?”

Achemwali, apo m'pamene ndinazindikira. Ndi nsalu imene amayi anadziwombera yoti adzapite nayo kumanda. Inu mukanaizindikira pongoigwira, paja munasambitsa nawo maliro a azakhali a Erofili. Ine tsiku limenelo ndinali kuno pa mayeso, n'kumadziona ngati wanzeru. Chibadwire sindinachitepo manyazi otere.

Ndinathamangira kwa a Telemakos, amene akuyendetsa chionetserochi, kuti tichitsitse. Kupusa kwanga kunali kuwauza chifukwa chake. Maso awo anachita kuwala! Akuti tsopano ndiye chakhala chojambula chenicheni, tilembe nkhaniyi pakhoma anthu aziwerenga, atolankhani abwera okha osaitanidwa. Ndinawauza kuti akangolemba liwu limodzi, ndiching'amba ndi mpeni anthu akuona. Zolembazo asiya, koma kutsitsa akanitsitsa mpaka chionetsero chithe mu Disembala, ndipo pepala lovomereza zimenezo ndinasaina ndekha. Kuchapanso sikungatheke, penti wamafuta walowerera mu ulusi. Madzi akatayika sawoleka.

Tsono amayi akukwera sitima yapamadzi ya ku Pireya, doko la kuno ku Atene, Lachitatu la sabata yamawa. Mukudziwa mmene akudzitamira kwa anzawo kutchalitchi kuti mwana wawo wawaika pakhoma ku Atene. Zaka khumi akhala akunena kuti ntchito yanga ndi kudetsa nsalu, ndipo aka n'koyamba kuti afune kuiona. Koma munthu amene anawomba nsalu ndi manja ake adzaizindikira akadali pakhomo, penti achindikale bwanji. Ndikuopa kuti adzagwa pomwepo, pakati pa anthu osawadziwa, nkhope yawo ikuwayang'ana.

Ndinaganiza zokupemphani kuti muwanamize, munene kuti nyanja yawinduka kapena chionetsero chatsekedwa. Kalata yotero ndinailemba n'kuing'amba. Bokosi lija adzalitsegula ndithu tsiku lina. Mwinanso mudzalitsegula ndinu, pa tsiku loipa, nyumba itadzaza anthu, n'kupezamo makandulo okha.

Pempho langa ndi limodzi. Muwauze ndinu asanakwere sitima. Muwakhazike kaye pansi, ndipo alamu asakhalepo, paja iwo amaseka pamene sipoyenera. Akanditukwana musanditchinjirize, ndi zanga. Akakana kubwera, ndimva.

A Marigo aja potuluka anandipeza ndikulira pa masitepe. Anandinyogodola kaye kuti misozi siwomba nsalu. Kenako anati kwawo amanena kuti munthu sanyamuka ulendo wake womaliza nsalu yake isanachoke pa chowombera. Kaya n'zoona kaya amangonditonthoza, sindikudziwa. Koma muwauze amayi kuti chionetsero chikatha ndikubwera, ndipo ina ndiwawombera ineyo, pa chowombera chawo chomwe ndinachithawa chija. Akumbuka kuti kansalu kopukutira m'manja kananditengera chilimwe chathunthu, iwo akundikalipira kuti manja anga ndi a mtengo. Iyi ndi ya mamita asanu. Adikire.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa amalume a Nikiforos ndi mbuzi zawo zosamva zija, ndi kwa azakhali a Kaliopi. Ana anu Irini ndi Stelios muwapsompsone. Moni wa amayi muusunge kaye mpaka mutawauza. Akaulandira, mundiimbire foni nthawi yomweyo.

Ndine mng'ono wanu amene wakusenzetsani katundu,

Evanthia