Mlambe Watsala Wokha M'thonje

Achimwene a Zuze,

Ndagwada, ndikuomba m'manja. Kuno ku Chikwawa tadzuka, koma amayi miyendo yatupanso. Kaya inu ku Halaleko?

Msika wathu wa pamlambe uja watha, achimwene. Mzungu wa thonje anabwera ndi kapitawo wake, nakhoma zikhomo kuyambira padooko mpaka paja amayi ankayala mchere. Tinasonkhana tonse, a mapira, a nsomba zouma, ngakhale a miphika ochokera kutsidya. A Nyakhuwa ophika mowa aja anati, "Mtengo wothirapo nsembe sadula. Mtengo ukakhala, msika ukhalanso." Tinasonkha ufa khomo ndi khomo, tinathira nsembe patsinde masiku atatu, kenako tinaitana kapitawoyo kuti adzaone yekha. Anachita mantha, nakauza bwana wake.

Mzunguyo sanavute ayi. Mlambewo sanaukhudze ndi nkhwangwa. Anangolima mozungulira, nazinga waya.

Tsopano timayala malonda kumtunda pambalambanda, ndipo dzuwa la kuno mukulidziwa. Amwadiya, a mabwato aja, safikako, akuti nkutali ndi madzi. Amayi anapitako kamodzi, anabwerako ndi mchere wawo wonse pamutu.

Chonde muwatumizireko kansalu, mwina mtima ungatsike. Mukamadzabwera musadzakocheze padooko lakale, pali waya. Mulungu akusungeni kumeneko. Mtengowo mudzauona muli patali. Uli bwinobwino, mthunzi wake ukugwera thonje.

Ndine mlongo wanu,
Malita